Mpira ndi wathu, geti ndi la eni ake

Amene munaonera mpira Lamulungu lija la pa 21 Epulo 2024 simunaiwale. Ife tinali mu shedi ina yamalata kuseri kwa msika wa pa Boma, thukuta lili kamukamu, jenereta ikulira panja. Manchester United inali itatsogola kale 3-0 pa Wembley mu semifainolo ya FA Cup, moti anyamata ena a kabaza anayamba kutuluka kuti akasake makasitomala. Kenaka katimu kovala yunifomu ya mtundu wa mtambo kanabweza chigoli chimodzi, chachiwiri, mpaka chachitatu. Nthawi yowonjezera ili pafupi kutha kanamwetsanso chachinayi, shedi yonse n'kudzambatuka, mabenchi kugubuduzika, koma VAR inati panali ofusayidi. United inachita kupulumukira pa mapenate.

Tikutuluka, mnyamata wina anafunsa kuti kodi Coventry imeneyi yachokera kuti. Anamuyankha ndi mdala wina wokonza mawailesi, amene mpira wa ku England anayamba kuutsatira ambirife tisanabadwe.

"Si timu yatsopano imeneyo, mphwanga. Inatengapo FA Cup mu 1987, inakwapula Tottenham 3-2."

"Ndiye zaka zonsezi inali kuti, madala?"

"Inkasaka pogona."

Tinaseka, koma mdalayo sankacheza. Coventry ndi timu imene inagulitsa nyumba yake n'kuyamba kukhala ya lendi, ndipo ine ndimaikumbukira nthawi zonse mkangano wa bwalo la Kamuzu ukabuka ku Blantyre, masapota a Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) kuno ku Mangochi n'kuyamba kulozana zala. Chodabwitsa pa mkangano umenewu n'chakuti sukhala wa munthu ndi neba wake. Umakhala wa m'nyumba imodzi. Wa Bullets amakokana ndi wa Bullets mnzake, wa Wanderers chimodzimodzi. Wina amati eni timu ndi aumbombo, zaka zonsezi akulephera bwanji kumanga bwalo. Wina amati bwalo silimwetsa chigoli, atigulire kaye sitiraika. Wachitatu amati musawavutitse anthuwa, boma linalonjeza lokha pamsonkhano, aliyense akumva. Aliyense mwa atatuwa ali ndi pomwe akulondola, n'chifukwa chake nkhaniyi siikutha.

Tiyambire pageti, chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepo. Kuno kwathu ngakhale mwana amadziwa momwe ndalama ya chilimira imagawidwira. Boti likafika padooko, usipa ukagulitsidwa, amayamba achotsa za mafuta a injini ndi za nyali. Zotsalazo ndiye amagawana, mwini zipangizo mbali yake, alovi mbali yawo. Mlovi ndi amene wachezera panyanja usiku wonse mwera ukumuwomba, koma mwini boti amalandira zake ali pamthunzi, nsapato zosanyowa. Mpira wa m'dziko muno umayendanso chomwecho. Pa ndalama za pageti amayamba achotsapo zolipira apolisi, masituwadi, ogulitsa matikiti ndi osindikiza matikitiwo. Kwa zaka zambiri zotsalazo zakhala zikugawidwa motere: pa K100 iliyonse, mwini bwalo K25, timu iliyonse K25, ndipo K25 yotsalayo n'kugawana FAM (bungwe loyang'anira mpira m'dziko muno), SULOM (loyendetsa ligi) ndi khonsolo ya zamasewero. Manambalawa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, komanso amasiyana malinga ndi mpikisano, koma taonani chomwe akunena. Mwini bwalo amatenga zofanana ndi timu imene yalipira osewera mwezi wonse, yathira mafuta m'basi, yagoneka anyamata ku kampu, ndiponso ndi imene yakoka khamu lonselo.

Geti ndi chiyambi chabe. Mwini bwalo ndi amene amalamula zikwangwani zotsatsa malonda, malo ogulitsira zakudya ndi zakumwa, koimika magalimoto, ndiponso kubwereketsa bwalolo kwa a mapemphero ndi oimba masiku omwe kulibe mpira. Ku Ulaya, ndalama zimenezi n'zimene zimasiyanitsa timu yodziimira payokha ndi timu yodalira thumba la munthu mmodzi.

Coventry inaphunzira zimenezi mowawa. Inakhala pa bwalo lake la Highfield Road kuyambira 1899 mpaka 2005. Akuluakulu ake atayamba kulota bwalo lalikulu lamakono, anagulitsa lakalelo, koma ngongole zinawachulukira, timu n'kutuluka mu Premier League mu 2001 patatha zaka 34 ili mu ligi yapamwamba. Pomwe bwalo latsopano la Ricoh Arena linkatsegulidwa mu 2005, la anthu oposa 32,000, silinalinso lawo. Kampani yoliyendetsa inali ya khonsolo ya mzindawo theka, theka linalo la bungwe lina lachifundo. Timu inalowamo ngati mlendo, kumalipira lendi yoposa mapaundi 1 miliyoni pachaka, chonsecho ndalama za zakudya ndi koimika magalimoto pa tsiku la masewero zikupita kwa eni bwalo.

Kumapeto kwa 2007 timuyo inagulidwa ndi SISU, kampani ya ku London yomwe ntchito yake ndi kuika ndalama m'mabizinesi omwe akudwala n'cholinga chodzakololapo phindu. Mu 2012 timu inatsikiranso mu League One, ndipo eni akewo anasiya kulipira lendi. Iwo ankati lendiyo ndi yakupha, palibe timu ya mu ligi yachitatu imene ingaikwanitse. Pamenepo sankanama. Koma kampani ya bwalo nayo inali ndi ngongole yake kubanki, ndipo lendi itasiya kubwera inayamba kupuma movutikira. Khonsolo inaipulumutsa poibwereketsa mapaundi 14.4 miliyoni, SISU n'kuthamangira kukhothi kukatsutsa ngongoleyo. Inagonja, ndipo woweruza ananena poyera mu 2014 kuti kukana lendi kuja kunali kwadala, pofuna kufoola kampani ya bwalo kuti adzaigule motsika mtengo.

Amene anachitapo lendi akuidziwa njira imeneyi. Ukafuna kuti alandilodi atsitse, umawaopseza kuti usamuka, podziwa kuti nyumba ikakhala yopanda munthu iwonso sadya. Vuto ndi lakuti timu siisamuka yokha ngati banja la anthu asanu. Coventry inalandidwa mapointsi 10 kawiri m'chaka cha 2013 chifukwa cha mavuto a ngongole, kenaka inanyamuka kukasewera ku Northampton, mtunda wa makilomita oposa 50, pa kabwalo kosakwana anthu 8,000. Masapota anagawikana pawiri. Ena anati timu ndi timu, kulikonse ipite tiitsatira, osewera sanalakwe kanthu. Ena analumbira kuti eni akewo sadzaonanso ngakhale tambala yawo. Panalinso ena, amene ine amandimvetsa chisoni kwambiri, omwe ankayenda ulendo wonsewo koma osalowa. Ankakaima pa kaphiri kena kunja kwa bwalo n'kumaonera patali, kuti aone timu yawo popanda kulipira pageti. Masewero ambiri ankaonereredwa ndi anthu osafika 3,000. Tsiku lomwe timu inabwerera kwawo mu Seputembala 2014, panafika anthu oposa 27,000.

Ndipo njira ya SISU ija sinaphule kanthu. Khonsolo ndi bungwe lija anagulitsa kampani ya bwalo kwa Wasps, timu ya mpira wa rugby yochokera kutali, Coventry n'kukhala ya lendi kwa mlendo mumzinda wake womwe. Inatsikira mpaka mu ligi yachinayi mu 2017. Mu 2019 anasemphananso, timu n'kukakhala zaka ziwiri pa bwalo la Birmingham City. Mu 2022, itabwerera, masewero ake oyamba apakhomo anaimitsidwa chifukwa udzu unali utaperepeseka ndi rugby ya mpikisano wa Commonwealth Games. Chaka chomwecho Wasps inagwa ndi ngongole, bwalo n'kugulidwa ndi kampani ya Mike Ashley, uja anali mwini Newcastle. Mwini nyumba ankasintha, wa lendi ali yemweyo.

Tsopano tibwere kwathu. Bullets ndi Wanderers sizinagulitse nyumba ngati Coventry, chifukwa bwalo la masewero a ligi sizinakhalepo nalo. Wanderers inayamba mu 1962, Bullets mu 1967, ndipo zaka zonsezi pakhomo pawo pakhala pa bwalo la boma ku Chichiri. Bwalolo linamangidwa nthawi ya atsamunda. Linali Rangeley, linakhala Kamuzu, nthawi ya a Muluzi linatchedwa Chichiri, a Bingu n'kudzalibwezera dzina la Kamuzu. Maina asintha kangapo, zipilala ndi zomwe zija. Masitandi ena anatsekedwa kalekale akatswiri atachenjeza kuti atha kugwera anthu.

Bwanji matimu aakulu chonchi, okhala ndi otsatira kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, sanamange? Yankho lili m'maina awo. Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets. Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers. Awa anali othandiza, sanali eni. Wothandiza amachita lendi dzina la timu kwa zaka zitatu kapena zisanu, amagula yunifomu, amalipira osewera, nthawi yake ikatha n'kutsanzika. Munthu wotere sangathire simenti pa malo omwe akudziwa kuti adzawasiya. Timuyo payokha inkayendetsedwa ndi makomiti osankhidwa, omwenso nthawi yawo inali yowerengeka, ndipo ankaweruzidwa ndi zotsatira za Loweruka likubwerali. Ngakhale mu 2004, pomwe Bullets inali ndi ndalama za a Muluzi mpaka kufika mu magulu a CAF Champions League, ndalamazo zinathera m'miyendo ya osewera ndi m'ndege. Matimu omwe ali ndi pakhomo pawopawo ndi aja ali ndi kholo lokhala ndi malo: Silver Strikers ya Reserve Bank ili ndi bwalo lake ku Area 47, Blue Eagles ya apolisi ili ndi Nankhaka.

Zinthu zinasintha pomwe Nyasa Manufacturing Company inatenga umwini wa Bullets mu 2017, ndipo Wanderers inasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi a Thom Mpinganjira. Kuyambira pamenepo funso la bwalo linapeza munthu womufunsa. Kale ukafunsa komiti inkangokuuza kuti ifenso tikupempha. Lero pali eni, ndipo n'chifukwa chake mkangano wa masapota wakula m'zaka zimenezi kuposa kale.

Pakati pa zonsezi panalowa ndale. Mu 2019, chisankho chili pafupi, a Peter Mutharika analonjeza kuti boma limangira matimu awiriwa bwalo lililonse lakelake. Malo anapezeka mu Blantyre momwemo, ndalama zoyambira zinaikidwa mu bajeti. Anthu ena anadzudzula nthawi yomweyo kuti msonkho wa mayi wogulitsa tomato ku Namwera ungamangire bwanji bwalo kampani ya munthu, pomwe zipatala zilibe mankhwala. Boma litasintha mu 2020 ntchitoyo inazilala, ndipo zaka zinadutsa popanda timu iliyonse kukankhirapo mpira. Kwa ine, choipa chachikulu cha lonjezo limenelo si kulephereka kwake kokha. Linapatsa aliyense pobisala. Mwini timu akafunsidwa atha kunena kuti tikudikira boma. Boma likafunsidwa litha kunena kuti awa ndi makampani, adzimangire. Sapota amene anavina tsiku la lonjezolo anaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Palinso china chomwe chimasokoneza anthu pa mikangano ya bwalo la Kamuzu, ndicho kuchuluka kwa manja omwe agwira chingwe. Mwini bwalo ndi boma, kudzera ku unduna wa zamasewero. Woyendera ndi kuvomereza kuti bwalo ndi loyenera ndi FAM, ndipo pa masewero a mayiko ndi CAF, bungwe la mpira mu Africa. Wokonza ndondomeko ya masewero a ligi ndi SULOM. Ogwiritsa ntchito ndi matimu. Woyendera ali ndi mphamvu yotseka koma alibe ndalama zokonzera. Mwini bwalo amalandira gawo lake la pageti, koma ndalama za boma zimayamba zalowa m'thumba lalikulu lija amati Account Number One, ndipo kuti zitulukemo kudzakonza chimbudzi cha ku sitandi ya Biafra zimapikisana ndi feteleza, misewu ndi malipiro a aphunzitsi. Timu ikufuna bwalo labwino, koma singaike mamiliyoni ake pokonza khoma la mwini. Ndiye aliyense amanena zoona akamati vuto si lake, khoma likupitiriza kung'ambika.

Sapota akakwiya amakonda kutukwana woyendera, ati akufuna kupha timu yathu. Ine pamenepo sindivomereza. Pa 6 Julaye 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa mageti a bwalo la Bingu ku Lilongwe, akulimbirana kulowa kuti akaonere Bullets ndi Silver pa chikondwerero cha ufulu. Bwalolo linali latsopano, lotsegulidwa chaka chomwecho, la anthu pafupifupi 41,000. Ngati latsopano linapha chifukwa cha kayendetsedwe ka mageti, kuli bwanji lokalamba lokhala ndi ming'alu? Ndipo tisaiwale manyazi a 2021, pomwe CAF inakana mabwalo athu onse, Flames n'kumakasewera masewero ake apakhomo pa Orlando Stadium ku Johannesburg.

Chaka chomwecho cha 2017 bwalo la Kamuzu linatsekedwa kuti likonzedwe, ndipo linadzatsegulidwa mu 2018 litayalidwa kapeti yatsopano. Matimu a mu Blantyre anabalalika, Manoma n'kumakasewera masewero ambiri apakhomo ku Balaka. Apa ndiulule tchimo la ife a kuno. Bwalo la Kamuzu likatsekedwa, pakamwa timadandaula nawo, koma mumtima timasekerera, chifukwa mpira umatiyandikira. Kupita ku Blantyre kuchokera pa Boma pano ndi makilomita pafupifupi 190. Umadzuka m'bandakucha, minibasi kudikira kuti idzaze, kuima pa Ulongwe, kuima pa Liwonde, kutsitsa ndi kukweza pa Zomba, ukafika njala ili m'mutu, masewero akatha n'kuyamba kusaka pogona kwa achibale ku Ndirande. Ku Balaka umapita ndi kubwera dzuwa lomwelo. Koma chomwe kwa ife ndi mwayi, kwa mnyamata wa ku Ndirande amene anazolowera kuyenda wapansi kupita ku Chichiri ndi chilango. Iye ndi amene amadzaza bwalo sabata ndi sabata, osati ife obwera kamodzi pachaka.

Okonda kunena kuti bwalo silimwetsa chigoli ali ndi umboni wawo, ndipo ndi wamphamvu. Manoma anatenga ligi mu 2017 momwemo, ali oyendayenda. Coventry inatenga League One mu 2020 ikusewera ku Birmingham. Maule anatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo m'chaka chomalizacho anasesa zikho zonse zinayi ndi mphunzitsi Kalisto Pasuwa, alibe ngakhale njerwa imodzi. Akakhala wa Arsenal amawonjezera ululu wake. Timu yake inachoka pa Highbury, pa anthu 38,000, kupita pa Emirates, pa anthu 60,000, mu 2006. Pobweza ngongole ya bwalolo inakhala ikugulitsa osewera ake abwino, Henry, Fabregas, Van Persie, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 sinanyamule chikho chilichonse. Amene tinkakhala nawo m'mashedi zaka zimenezo tikukumbukira momwe ankatulukira mwakachetechete masewero asanathe.

Mwini timu naye akakhala pansi ndi pensulo, masamu ake si opusa. Ligi yathu ili ndi matimu 16, kutanthauza masewero 15 apakhomo pachaka, kuwonjezapo ochepa a zikho. Mwa amenewo, odzaza bwalo ndi owerengeka: Maule ndi Manoma, kubwera kwa Silver, mwina ndi ena awiri. Masiku ena onse bwalo limangokhala, koma mlonda alipidwe, udzu uthiriridwe, magetsi ndi madzi zilipidwe. Kukakongola kubanki, mu 2024 chiwongoladzanja chinali choposa K25 pa K100 iliyonse pachaka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, zitsulo ndi zipangizo zonse zochokera kunja n'kukwera nthawi yomweyo. Munthu wabizinesi akaona zimenezi amati bola ndizilipira K25 ija kwa mwini bwalo, mutu usandipweteke. Kumutcha waumbombo n'kosavuta ukakhala pa benchi ya shedi.

Komabe ine ndili mbali ya ofuna bwalo, ngakhale si pa zifukwa zomwe amakonda kutchula. Ambiri amalifuna chifukwa cha ulemu, kuti neba asatiseke. Chifukwa changa ndi chakuti eni amapita. Bata inapita, Limbe Leaf inapita, Be Forward itachoka osewera a Manoma anaona zakuda. Zikho zimatsala m'kabati ndi m'nyimbo, koma sizilipira wosewera. Mwini wa lero akadzatopa kapena bizinesi yake ikadzagwedezeka, adzasiya chiyani chomwe wobwera pambuyo pake angayambirepo? Wa Arsenal uja anavutika zaka zisanu ndi zinayi, koma lero masewero aliwonse apakhomo amalowetsa ndalama zomwe Highbury sikanazionapo, ndipo palibe amene angamutulutse. Wa Manchester United angakuuzeni mbali inayo: kukhala ndi bwalo lako si kutha kwa mavuto, poti Old Trafford ndi yawo koma denga linafika podontha m'manja mwa banja la Glazer, lomwe linagula timuyo ndi ngongole mu 2005. Bwalo limafuna mwini wolisamala. Koma wodontheredwa m'nyumba yake amadziwa khomo logogoda.

Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti mkangano wathu umangozungulira pa zinthu ziwiri, bwalo la anthu 40,000 kapena sitiraika, ngati kuti pakatipa palibe kanthu. Pali zambiri. Malamulo a ziphaso za matimu salamula kuti timu ikhale ndi bwalo lakelake. Amafuna kuti ikhale ndi pomwe izisewera, povomerezeka, ndi mgwirizano wolembedwa. Ndiye funso loyamba lomwe sapota angafunse eni timu ndi la pepala limenelo. Ndi la zaka zingati? Likuti denga likadontha akonze ndani? Timu ikaika ndalama zake pokonza zimbudzi ndi mageti, gawo la mwini bwalo litsika? Zikwangwani ndi zakumwa za tsiku la masewero ndi za yani? West Ham ku London ilibe bwalo, imachita lendi lija linamangidwira Olympics ya 2012, koma inasainira zaka 99 pa mtengo wotsika moti odandaula ndi okhometsa msonkho, osati timu. Masapota ake ambiri sanakondwe kuchoka pa Upton Park mu 2016, komabe palibe amene amagona akuopa kuti sabata yamawa asewera kuti. Palinso njira yoyamba pang'ono: malo okhala ndi chikalata m'dzina la timu, mpanda, bwalo lochitira mapulakatisi, sitandi imodzi, ina n'kudzabwera ndalama zikapezeka. Ndi momwe tonsefe timamangira kuno. Timayamba chipinda chimodzi, n'kulowamo mazenera atatsekedwa ndi njerwa.

Mawu akuti m'dzina la timu ndawanena dala. Ku England kuli matimu omwe eni ake anasamutsira bwalo ku kampani yawo ina, timu n'kumachita lendi kwa mwini wake yemwe. Tsiku logulitsa timu, bwalo limatsala m'manja mwa wogulitsayo. Ngati mabwalo a Maule ndi Manoma adzamangidwe, kaya ndi ndalama za boma kaya za eni, funso la dzina lolembedwa pa chikalata cha malo lidzakhala lalikulu kuposa la kuchuluka kwa mipando.

Njira yokha yomwe sindingaikhululukire ndi ya SISU ija, yogwiritsa ntchito masapota ngati chikwapu chokwapulira mwini bwalo. Mwini timu akanena kuti tisamukira ku Lilongwe mpaka boma litimvere, amakhala akubetcha ndi ndalama ya minibasi ya munthu wina. Iye adzapita pa galimoto yake.

Kuno ku Mangochi nkhaniyi timaionera chakumbuyo. Ku Blantyre kuli matimu opanda bwalo, ife tili ndi bwalo la khonsolo, koma timu ya mu Super League yoti tiziitcha yathu ndi imene yakhala ikutisowa. Osewera aliko, pitani madzulo ku Mpondasi, ku Makawa kapena ku Malindi mukaone ana akuuponda pamchenga opanda nsapato. Chosowa ndi munthu kapena kampani yoti inyamule malipiro ndi maulendo a ku Karonga chaka chonse. Tsiku lomwe timu yayikulu yabwera kudzasewera kuno, tauni yonse imadziwa: a kabaza sapuma, malo ogona amadzaza, amayi a kanyenya ndi chambo chowotcha amatha katundu dzuwa lisanapendeke, magalimoto a ku Namwera amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi atapachika mbendera. Mawa lake bwalo lili zii. Amene akuganiza kuti kumanga kokha ndiye yankho abwere adzaone kuti bwalo lopanda timu nalonso ndi njala, chimodzimodzi boti labwino lomwe lilibe alovi. Khonsolo iliyonse yokhala ndi bwalo m'maboma muno imafuna matimu aakuluwa kuposa momwe imaonetsera, ndipo eni timu ochenjera akanatha kukambirana nazo mgwirizano wabwino wa masewero angapo pachaka, mwadongosolo, osati kudikira tsiku lomwe athamangitsidwa ku Chichiri.

Za Coventry zinatha motere. SISU inagulitsa timu kwa Doug King, wabizinesi wa m'dera lomwelo, mu Januwale 2023. Mu Ogasiti 2025 timuyo inagula bwalo lija, patatha zaka 20 chichokereni pa Highfield Road. Nditaiona nkhaniyo pafoni ndinapita kukamuuza mdala wa mawailesi uja. Ndinamupeza ataweramira kawailesi kotsegula m'mimba, chowotcherera waya chili m'manja. Anaika pansi n'kuwerenga zala.

"Zaka 20. Mwana wobadwa tsiku losamukalo pano ali ndi ndevu."

Mnyamata wa kabaza amene anakhala pakhomo kudikira foni yake kuti itchajidwe anatukula mutu.

"Ndiye ndalama zonse zathera bwalo, madala? Kochi wawo Lampard amugulira ndani kutsogoloku?"